Bowa ndi ndiwo, si chipatala

Ramadhani ya zaka zino ikugwa m'nyengo ya mvula, pamene bowa ali mbwee m'mabeseni m'mbali mwa msewu wa M1 kuno ku Biriwiri. Ndi nthawi yomweyinso pamene pa WhatsApp pamadzaza otsatsa khofi ndi ufa wa bowa wa Ganoderma, ati umachiza shuga, BP ngakhale khansa. Ife tikuti bowa ndi chakudya chabwino, koma asalande malo a chipatala.

Ganoderma, amene ku China amati lingzhi ndipo ku Japan reishi, amamera pa zitsa. Ndi wolimba ngati thabwa komanso wowawa, n'chifukwa chake sadyera nsima, amangowiritsa ngati tiyi. Achina amugwiritsa ntchito kwa zaka mazanamazana, koma kafukufuku sanatsimikize kuti amachiza khansa kapena shuga. Akhozanso kusokoneza mankhwala oletsa magazi kuundana. Wodwala shuga amene akufuna kusala akaonane kaye ndi dokotala. Kusiya mapiritsi chifukwa cha kapaketi kodula ndi kuseweretsa moyo, pamene thupili ndi amana yochokera kwa Allah.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Utale, manyame ndi nyonzwe ndi halali, ndipo ali ndi mapuloteni, mavitamini a gulu la B ndi potaziyamu, pomwe mafuta ndi ochepa. Pa futali, m'mimba mutakhala mopanda kanthu tsiku lonse, ndiwo zotere sizilemetsa ngati zokazinga. Mutsukeni bwino kuchotsa mchenga, muwiritseni mpaka apse, kenaka thirani tomato, anyezi ndi nsinjiro. Wotsala yanikani padzuwa, mudzamuyamika m'chilimwe.

Chenjezo ndi ili: bowa wina ndi poizoni, ndipo kuphika sikuchotsa ululu wake. Ana a madrasa asazule okha. Apite ndi agogo odziwa, ndipo wokayikitsa asiyidwe kutchire komweko. Wina akayamba kusanza kapena kutsegula m'mimba atadya bowa, thamangirani naye kuchipatala, musadikire kuche.

Tikumbukenso kuti manyame amamera pamodzi ndi mizu ya mitengo yachilengedwe monga mombo ndi msuku. Tikamaliza mitengoyi ndi makala, bowayu nayenso adzatha. Ndalama ya kapaketi kaja tigulire beseni la bowa kwa mayi wa pamsewu, tigawireko mnansi wosowa futali. Allah alandire kusala kwathu.