Galimoto ikakana kulira, musathamangire kugula batire

Msewu wochokera ku Domboshava umadzuka tambala asanalire kachiwiri. Alimi a matimati, repu ndi kabichi amafuna kuti katundu wawo afike ku Mbare Musika dzuwa lisanatuluke, pakuti wofika mochedwa amagulitsa pamtengo wolira nawo. Msewuwu umadutsa pa Hatcliffe, dera lomwe lili makilomita pafupifupi 20 kumpoto kwa mzinda wa Harare, kupitirira Borrowdale, komwe kumakhalanso mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia kudzagwira ntchito m'mafamu. Pakati pa galimoto zonyamula katunduyu pali nkhalamba zija zokoka ndi matayala onse anayi: Land Cruiser, Pajero, Nissan Patrol ndi Land Rover. Zambiri zinayamba ndi mabungwe kapena eni mafamu, ndipo lero zili m'manja mwa mwini wachitatu kapena wachinayi. Masana zimanyamula manyowa ndi simenti. Usiku, nthawi ya mayi woyembekezera ikakwana, galimoto zomwezi ndizo zimasanduka ambulansi.

Injini za galimotozi n'zolimba, ndipo eni ake amazinyadira. Chimene chimakalamba mwakachetechete ndi mawaya. Pulasitiki wokuta waya amauma ndi kutentha kwa injini mpaka kung'ambika, dzimbiri limadya polumikizira, ndipo kugwedezeka kwa m'misewu yafumbi ya ku Hatcliffe Extension kumamasula mabawuti amene anamangidwa zaka 25 kapena 30 zapitazo.

Nkhani yake imayenda mofanana pafupifupi paliponse. M'mawa wina dalaivala akapotoza kiyi, galimoto imangoti "tha" n'kukhala chete. Anthu amaikankha, imalira, ndipo onse amagwirizana kuti batire latha. Batire latsopano limagulidwa, galimoto imayenda sabata imodzi, kenaka vuto lija limabwerera. Mlandu umagwera sitata. Sitata ikasinthidwa, umagwera altaneta. Pofika pamenepa ndalama za mbewu ndi feteleza zapita, chonsecho wolakwa weniweni ndi kachingwe kamkuwa kotalika ngati mkono, kamene kali pansi pa injini m'matope.

Magetsi m'galimoto amayenda ulendo wopita ndi wobwerera. Popita amatuluka m'batire kudzera m'mawaya kukafika ku nyali, ku hutala kapena ku sitata. Pobwerera sadzera m'waya wakewake. Amadzera m'chitsulo cha galimoto yomwe. N'chifukwa chake mutu wa batire wokhala ndi chizindikiro cha kuchotsera umamangiriridwa ku thupi la galimoto, ndipo chingwe china chimalumikiza injini ndi chasisi, popeza injini imakhala pa mphira zimene magetsi sangadutsepo. Zingwezi amakaniko amazitchula kuti earth. Zikachita dzimbiri kapena kumasuka, magetsi amasowa njira yobwerera ndipo amayamba kufuna njira zachidule. Apa ndipo pamaoneka zinthu zimene ena amafika poziganizira zamatsenga: indiketa ikamaphethira nyali ya buleki imaphethira nayo, muvi woonetsa kutentha kwa injini umakwera nyali zikayatsidwa, kapena waya wa handibuleki umatentha poliza galimoto chifukwa magetsi a sitata adzera mwa iwo.

Kuyesa vutoli sikufuna ndalama. Munthu atenge chingwe chimodzi chojampira, mbali ina aimange ku mutu wa batire wa kuchotsera, mbali ina pachitsulo choyera cha injini, kenaka apotoze kiyi. Galimoto ikalira msanga, wolakwa wapezeka. Chotsala n'kumasula chingwe cha earth, kupala malo ake ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale, kumanganso molimba, ndi kupakapo girisi pang'ono kuti chinyezi chisalowe. Mitu ya batire ikamera ufa woyera kapena wobiriwira, madzi ofunda osungunuliramo soda amauchotsa. Pochotsa batire, mutu wa kuchotsera ndiwo umayamba kumasulidwa ndipo ndiwo umamangidwa pomaliza. Wochita mosinthanitsa, sipanala ikangokhudza thupi la galimoto, amaona moto umene sadzauiwala.

Gulu limene lili ndi galimoto lingachite bwino kukhala ndi kamita koyezera magetsi, komwe mtengo wake sufika ngakhale theka la mtengo wa batire. Batire lodzaza, galimoto itazimitsidwa, limaonetsa pafupifupi 12.6 volts. Injini ikamalira, mita iyenera kuonetsa pakati pa 13.8 ndi 14.4 volts, kusonyeza kuti altaneta ikugwira ntchito. Manambala awiriwa akakhala bwino koma galimoto n'kumavutabe, kawirikawiri batire ndi altaneta zimakhala zilibe mlandu, ndipo wofuna kuzisintha afunsidwe chifukwa chake. Akale anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani ya mawaya mawuwa ndi oona kwambiri kuposa pa ntchito ina iliyonse ya m'galaja.

Koma choopsa chenicheni chili pa fyuzi. Fyuzi anaipanga dala kuti ikhale yofooka, kuti waya woperepeseka akakhudza chitsulo n'kuchita shoti, ipse iyoyo m'malo mwa galimoto. Ndi mlonda amene amafa kuti mudzi upulumuke. Tsono chizolowezi chofala n'chakuti fyuzi ikapsa kawiri, dalaivala wotopa amaikulunga m'kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, kapena amalowetsapo kawaya ngakhale msomali. Nyali zimayaka, ulendo umapitirira, ndipo iye amaoneka wanzeru pamaso pa okwera. Koma shoti ija ilipobe. Tsopano chimene chidzatenthe ndi waya weniweniyo, yemwe amadutsa mumtolo umodzi ndi anzake kuseri kwa dashibodi. Akasungunuka amasungunula anzake onse, ndipo fungo la pulasitiki likamamveka m'kati, nthawi yatha kale. Kusintha mtolo wonse wa mawaya kumadya ndalama zambiri, ndipo wa galimoto ya zaka za m'ma 1990 si wapafupi kuupeza.

Kuika fyuzi yaikulu kuposa imene inalembedwa pachivundikiro ndi kulakwa komweko, kungoti kwavala jekete. Mafyuzi a mano awiri ali ndi mitundu yodziwika: yofiira ndi ya 10 amp, yabuluu 15, yachikasu 20, yobiriwira 30. Pamene panali yofiira pabwerere yofiira. Ikapsanso, ndiye kuti pali pamene waya wavulala, ndipo pafunika kupafufuza.

Malo amene mawaya amavulalira si ambiri. Pali pabowo pamene mtolo umachoka ku injini kulowa m'kati mwa galimoto. Mphira yotchinjiriza ikatha, m'mphepete mwa chitsulo mumacheka ngati mpeni. Pali pa mahinji a zitseko, makamaka chakumbuyo, pamene waya amapindika nthawi iliyonse chitseko chikatsegulidwa. Pali pafupi ndi ekizozi, ndiponso kunsi kumbuyo kumene mapulagi a nyali amasamba m'matope dzinja lonse. Alimi ali ndi mdani winanso. Galimoto imene yanyamula chimanga kapena mtedza n'kugona njere zili mbwee pansi pa mipando imaitana makoswe, ndipo khoswe akatha njere amatembenukira ku mawaya. Kusesa m'galimoto madzulo ndi mbali ya ntchito yosamala magetsi.

Komabe mabala ambiri amachita kupangidwa ndi anthu. Mwini aliyense anawonjezerapo chake: uyu nyali zazikulu zakutsogolo, uyu wailesi, uyu alamu, uyu pochajira mafoni, uyu pulagi ya ngolo. Kawirikawiri anangosenda waya wapafupi, kupotokolapo wina ndi kukulunga tepi, popanda fyuzi. Tepi imamatuka ndi kutentha. Makaniko wodziwa ntchito, asanagwire china chilichonse, amayamba wachotsa zowonjezerazi n'kuona ngati vuto likadalipo. Zowonjezera zomwezi ndizo zimakonda kumwa batire usiku. Poyesa, mita imalumikizidwa pakati pa mutu wa kuchotsera ndi chingwe chake, zonse zitazimitsidwa, kenaka mafyuzi amazulidwa imodziimodzi. Imene ikazulidwa nambala n'kugwa, ndiyo ikuloza kumene kuli mbala.

Galimoto zina zili ndi matenda a mtundu wawo. Land Rover za injini ya Td5, imene inayamba kutuluka mu 1998, zimadziwika ndi oilo amene amayenda m'kati mwa mawaya a mainjekitala mpaka kukafika pa pulagi ya kompyuta ya injini. Galimoto imayamba kutsokomola ngati vuto ndi dizilo, pamene pofunika n'kusintha mawayawo ndi kuyeretsa pulagi. Land Cruiser ndi Patrol zina zakale za dizilo zili ndi mabatire awiri ogwirira ntchito pa 24 volts. Woikamo babu kapena wailesi ya 12 volts amaiwotcha, ndipo wolumikiza wailesiyo ku batire limodzi lokha amalifooketsa mpaka kupha onse awiri.

Kuyambira mu 2021 boma la Zimbabwe linakhwimitsa malamulo oitanitsa galimoto zakale zopitirira zaka 10 kuchokera kunja, choncho gulu la alimi kapena komiti ya m'dera imene galimoto yake yapsa singayembekezere kupeza ina yotchipa mosavuta. Vuto lina n'lakuti galimoto ya gulu imayendetsedwa ndi anthu angapo, ndipo aliyense amakonza mwa njira yake osauza mnzake. Kabuku kokhala m'galimoto momwemo kamathandiza: tsiku, chimene chinavuta, fyuzi iti inapsa, nyengo inali yotani, anakonza ndani. Fyuzi imene imapsa mvula ikagwa yokhayokha yanena kale kuti wolakwa ali kunsi kumene kumafika madzi, ndipo makaniko wowerenga zimenezi sataya tsiku lonse akuphwasula dashibodi.

Mvula ku Harare imayamba cha mu Novembala. Mwezi wa Okutobala, pansi pakadali pouma, ndiyo nthawi yabwino yogona pansi pa galimoto ndi tochi, sandipepa ndi masipanala, kuyeretsa zingwe za earth, kumangirira mawaya olendewera kutali ndi ekizozi, ndi kuika m'kabokosi ka kutsogolo mafyuzi awiriawiri a mtundu uliwonse.