Funsani za tsiku lofika ku Cusco

Musanalipire ulendo wapagulu wopita ku Peru, afunseni okonzawo kuti tsiku lofika ku Cusco akukonzerani chiyani. Akati pulogalamu ndi yodzaza mpaka madzulo, ine ndikuti bwezani ndalama m'thumba.

Mzinda wa Lima uli m'mphepete mwa nyanja. Mukakwera ndege kumeneko, maola awiri asanakwane mwatera ku Cusco, pamtunda wa mamita pafupifupi 3,400, kupitirira nsonga ya Sapitwa ya mamita 3,002. Thupi limadzidzimuka ndi kuchepa kwa mpweya. Mutu waukulu, nseru, tulo osabwera. Masitepe a pahotela okha, munthu wefuwefu ngati wasenza thumba la chimanga. Matendawa saona nkhope, ngakhale mnyamata wampira amagwa nawo.

Choopsa cha pagulu ndi manyazi. Mayi akumva chizungulire, koma poti basi ikudikira, amangoti "ndili bwino". Wotsogolera wodziwa ntchito sadikira zimenezo. Amayamba wakutsitsirani kuchigwa, ku Ollantaytambo, kenako ku Machu Picchu pa mamita 2,430. Puno ndi nyanja ya Titicaca, pa mamita opitirira 3,800, amaziika kumapeto thupi litazolowera.

Kaonaneni ndi dokotala musananyamuke, makamaka ngati muli ndi BP kapena vuto la mtima, ndipo mum'funse za mankhwala a acetazolamide. Tengani jekete yokhuthala, usiku kumazizira zedi. Mowa uyambe wadikira. Tiyi wa coca mukamwere komweko, koma masamba ake musalongedze m'chikwama, mayiko ambiri amawaletsa.