Nyumba ya Gule Iyambire Pansi

Mzinda wa Glasgow, umene ife Amalawi timaudziwa chifukwa cha ubale wathu wamakedzana ndi Scotland, udabwereka chovala cha Spain mu 1901, pamene udatsegula nyumba ya Kelvingrove, ya miyala yofiira ndi nsanja zotengera mamangidwe a ku Spain. Komatu iye wofuna kudziwa mmene nyumba imatumikirira gule apite ku Pollokshields, kukaona Tramway, imene kale inali mokonzeramo ngolo zoyenda panjanji m'misewu, ndipo mu 2009 ovina a Scottish Ballet adakhazikikamo, mmisiri Malcolm Fraser atawalembera mapulani a zipinda zophunziriramo. Kunja kwake kulibe chodzitamandira nacho.

Ku Jerez de la Frontera ku Spain, kuchimake kwa gule wa flamenco, akatswiri a ku Switzerland, Herzog ndi de Meuron, adalemba mapulani a Ciudad del Flamenco, ya nsanja ndi makoma oboolaboola motengera zokongoletsa za Aarabu, ndipo ngakhale anthu adagwa nayo m'chikondi papepala, nyumbayo siinaime monga idalembedwera, pakuti eni mzinda adayamba ntchito asanawerengere mtengo wake. Fodya n'ngwa pamphuno, adatero makolo. Pamenepo n'kuti mayi Cristina Hoyos, wovina weniweni, atatsegula mu 2006 nyumba ya gule yemweyo ku Sevilla m'nyumba yakale, podziwa kuti flamenco afuna thabwa loyankha chidendene, ndi oonerera okhala pafupi kotero kuti amve gitala ndi kuomba m'manja popanda zokuzira mawu.

Bungwe la UNESCO lidalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, flamenco pambuyo pake mu 2010, ndipo tsiku lidzadza pamene akuluakulu athu adzafuna kumangira Gule Wamkulu nyumba ku Lilongwe. Ndiopa kuti adzaitana mmisiri wakutali, iye nadzaumba denga lofanana ndi Kasiyamaliro, ife n'kuomba m'manja, chilombocho chikulephera kulowa pakhomo. Ndipempha mwaulemu kuti asanalembe mzere ndi umodzi womwe, akhale pansi ndi eni dambwe ndi oliza ng'oma, awafunse kuti zilombo zidzatulukira kuti osaonedwa ndi osameta, amayi oimba adzaima mbali iti, ndiponso fumbi limene wovina autsa ndi mapazi lidzachokera kuti ngati bwalo lonse alithira simenti.