Kuyeza mphamvu za wofuna ntchito sikuchotsa ngozi pa ntchitopo

Mphekesera ikangomveka kuti asilikali ayamba kulemba anthu ntchito, misewu ya ku Mvera imadzuka mbandakucha. Anyamata ndi atsikana amathamanga m'mbali mwa msewu wa Lilongwe–Salima, ena atavala nsapato zothaitha, kukwera zitunda ndi kutsika mpaka thukuta kamukamu. Akulira pafupi ndi kampu ya Support Battalion, choncho safuna wowauza kuti usilikali suyamba ndi satifiketi yokha. Munthu amayamba wathamanga, dokotala n'kumuyeza, ndipo akapambana ndiye amakaona chipata cha sukulu ya usilikali ya MAFCO ku Salima.

Palibe amene amadandaula ndi mayeso amenewa, chifukwa aliyense akuona kugwirizana kwake ndi ntchitoyo. Msilikali adzayenda mtunda wautali atanyamula katundu, ndiye n'chanzeru kudziwiratu ngati mtima ndi miyendo yake zingapirire.

Maganizo omwewa akhoza kukopa eni ntchito ena: a m'nyumba zosungiramo katundu ku Kanengo, omanga misewu, ophwanya miyala, ogula mbewu m'misika ya ku Dowa ndi ku Ntchisi. Chowakopa chili m'malamulo. Lamulo la chipukuta misozi cha anthu apantchito la chaka cha 2000 limaika udindo pa bwana: wantchito akalumala kotheratu chifukwa cha ntchito, chipukuta misozi chimafika pa malipiro a miyezi 54, ndipo akamwalira banja lake liyenera kulandira a miyezi 42. Bwana wowerenga ndalama bwino amaona kuti kuyeza munthu asanamulembe n'kotchipa kuposa kulipira msana wothyoka.

Maganizowo ali ndi nzeru mkati mwake, koma anthu a m'dera lino ali ndi chifukwa chowayang'anitsitsa. Agogo awo adayezedwapo kale, ndipo adayezedwa mokwanira.

M'nthawi ya Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za ku migodi, mwamuna wofuna kupita ku Joni ankavula malaya, kukwera pasikelo, dokotala n'kumumvetsera pachifuwa. Wowonda ndi wotsokomola ankabwezedwa kumudzi. Opambana akafika ku migodi ya golide ankakumana ndi mayeso ena owawa kuposa oyambawo. Ankawalowetsa m'chipinda chotentha ndi chachinyontho, chofanana ndi pansi pa mgodi, n'kumawakweretsa ndi kuwatsitsa pa kasitepe mosalekeza, wina akuwayeza kutentha kwa thupi. Amene thupi lake latentha mopitirira sankaloledwa kukagwira kumalo otentha kwambiri. Mayesowo adathandizadi kuchepetsa imfa zobwera ndi kutentha, chifukwa ankayeza chinthu chenicheni chimene munthuyo akakumane nacho pansi.

Koma fumbi la miyala silinkasankha. Amuna osankhidwa aja, amphamvu kuposa onse m'midzi mwawo, ambiri adabwerera ndi mapapo owonongeka ndi silicosis komanso chifuwa chachikulu. Padatenga zaka makumi angapo kuti makampani asanu ndi imodzi a migodi, kuphatikizapo Anglo American, Gold Fields ndi Harmony, avomere mu 2018 kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni Rand, zomwe zikugawidwa kudzera ku Tshiamiso Trust. Ambiri mwa oyenera kulandira adamwalira ndalamazo zisanawapeze.

Mbiri yomweyo ikuonetsanso mmene kuyeza kumasandukira chida chothamangitsira anthu. Pakati pa 1988 ndi 1992, Amalawi pafupifupi 13,000 adabwezedwa kuchoka ku migodi ya ku South Africa pa mkangano wa kuyeza HIV, ndipo njira yopitira ku migodiyo idatsekeka. Lero lamulo la Malawi la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa bwana kukakamiza munthu kuyezetsa magazi kuti amulembe ntchito, ndipo lamulo la ntchito la 2000 limaletsa kusala munthu chifukwa chakuti ndi wamkazi kapena ali ndi ulumali.

Ngakhale kumaiko kumene mayeso a mphamvu adazika mizu, makhoti adaona kuti si onse oyenera. Ku America, kampani ya Dial inkapanga masoseji m'tauni ya Fort Madison, ndipo mu 2000 idayamba kuyesa ofuna ntchito powanyamulitsa zitsulo za makilogalamu pafupifupi 16 mobwerezabwereza. Mayesowo asanayambe, amayi ankakwana 46 pa anthu 100 aliwonse olembedwa; atayamba, adatsika kufika pa 15. Kampaniyo idati kuvulala kwachepa chifukwa cha mayeso. Khoti la apilo mu 2006 lidapeza kuti mayesowo adali olemetsa kuposa ntchito yeniyeniyo, ndiponso kuti kuvulala kudayamba kuchepa mayesowo asanabwere, kampaniyo itasintha kagwiridwe ka ntchito, monga kusinthanitsa anthu pa ntchito zolemetsa. Dial idagonja pa mlanduwo.

Zimenezi zimamveka bwino munthu akaima pamalo ogulira chimanga kapena soya nthawi yokolola n'kuyang'ana aganyu akupakira lole. Awiri amagwira thumba la makilogalamu 50 m'makona, kuligwedeza kawiri, n'kuliponya paphewa la wachitatu. Iye amathamanga nalo chowerama, kukwera pa thabwa lotsamira kumbuyo kwa lole, thabwalo likunjanja, mapazi ali m'masilipasi kapena opanda kanthu. Akafika pamwamba amapotoza chiuno kuti alitule. Malipiro ndi a pathumba, ndiye wopuma ndiye woluza. Lole ya matani 30 ndi matumba 600, ndipo ikadzaza ina imakhala yaima kale pambuyo.

Mayeso a mphindi zisanu angaonetse kuti mnyamatayo atha kunyamula thumba loyamba. Sanganene chimene chidzachitike pa thumba la 150, dzuwa lili paliwombo, thabwa litayamba kuterera ndi chimanga chotayika. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO lidalangiza mu 1967 kuti mwamuna wamkulu asamanyamule katundu woposa makilogalamu 55, ndipo bungwe loona za chitetezo cha apantchito ku America, NIOSH, limaika malire pa makilogalamu 23 ngakhale zinthu zonse zili bwino. Thumba lathu la feteleza limaposa pamenepo kawiri, ndipo belo la fodya limatha kufika makilogalamu 100. Katundu wotereyu amavulaza ndi amphamvu omwe.

Pali chinanso chimene bwana wa kumudzi amachidziwa bwino. Mphamvu za munthu wa ku Dowa mu Febuluwale, nkhokwe zili mbee, sizofanana ndi za munthu yemweyo mu Juni. Kumuyeza tsiku limodzi atagona ndi njala n'kumulemba kuti ndi wofooka ndi kumulanga chifukwa cha umphawi umene akufuna kuuthawa pofunsira ntchitoyo.

Mayeso a mphamvu ali ndi malo ake, koma malowo ndi achiwiri. Choyamba bwana akonze ntchito: wilibala kapena kangolo m'malo mwa phewa, pokwezera katundu pomangidwa ndi simenti m'malo mwa thabwa, nsapato zolimba, madzi akumwa, nthawi yopuma, ndi kusinthana pa ntchito yolemetsa. Lamulo la chitetezo ndi umoyo pa malo a ntchito la 1997 lidaika kale udindo umenewu pa iye. Akatero, ngati ntchitoyo ikufunabe mphamvu zapadera, ayese munthu ndi katundu yemweyo amene adzanyamule, pamtunda womwewo, muyeso umodzi kwa mwamuna ndi mkazi. Woyeza akhale wachipatala wodziwa ntchito yake, osati kapitawo wongoyang'ana minofu. Wolephera auzidwe chifukwa chake, apatsidwe mwayi wobwereza kapena ntchito ina yomuyenera. Zotsatira zake zisungidwe mwachinsinsi, ndipo zisadzatulutsidwe m'kabati tsiku la ngozi ngati chifukwa chokanira chipukuta misozi.

Gawo lalikulu lotsala ndi la boma. Aganyu ambiri a m'misika ya Mvera, Mponela ndi Ntchisi alibe kalata ya ntchito, ndipo akavulala amangopatsidwa ya thiransipoti yopitira kuchipatala, nkhani n'kuthera pomwepo. Unduna wa Zantchito ukadalemba malangizo omveka a zimene bwana angayeze ndi zimene sayenera kuyeza, n'kupatsa maofesi a zantchito m'maboma mafuta ndi anthu oti aziyendera malo opakira katundu nthawi yogula mbewu, ngozi zambiri zikadalembedwa m'kaundula, ndipo ovulala akadadziwa kuti lamulo la chipukuta misozi la 2000 lili ndi khomo loti akagogode.