Gitala Ikalira, Mverani Mau

M'nyumba zambiri za akristu muli mkangano umene sufika kwa ansembe, koma umautsa mkwiyo madzulo ali onse. Mwana atsegula nyimbo za rock pa foni yake, bambo afuula kuti azime phokoso la Satana, mwana atseka citseko, ndipo nsima idyedwa mwakacetecete. Kawirikawiri palibe amene wafunsa kuti nyimboyo ili kunena ciani.

Tikumbukire poyamba kuti rock si mlendo m'Zambia. M'zaka za m'ma 1970 magulu monga WITCH, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi Ngozi Family anali kudzaza maholo ku Lusaka ndi ku migodi. Emmanuel Chanda wa WITCH anachedwa Jagari cifukwa ca Mick Jagger wa The Rolling Stones, ndipo malemu Paul Ngozi analiza gitala yaukali poimba m'Cinyanja za mabvuto a m'makomboni. Ambiri amene lero ndi agogo olemekezeka m'parishi anabvina nyimbozo. Cotero tiyeni tiweruze nyimbo iri yonse payokha, monga momwe tipetera cimanga.

Tiyambe ndi Let It Be ya The Beatles, ya caka ca 1970. Akatolika ambiri, pakumva dzina la Maria m'nyimboyi, aganiza za Amai athu a kumwamba. Paul McCartney anafotokoza kuti anali kuimba za mai wake womubala, Mary, namwino amene anamwalira mu 1956 iye ali ndi zaka 14, ndipo anamulota pa nthawi imene gulu lao linali kupasuka. Ife tiikonda nyimboyi. Ndi nyimbo ya mwana wamasiye amene atonthozedwa ndi liu la mai wake, ndipo ali yense amene anaikapo kholo lake m'manda adzaimvetsa.

Imagine ya John Lennon, ya mu 1971, ndi yofatsa koposa. Piyano ilira pang'onopang'ono, ndipo kholo lingailole m'nyumba popanda mantha. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Nyimboyi ilakalaka mtendere, ndipo cimeneco ndi cabwino. Koma njira imene ipereka ndiyo kuganizira dziko lopanda kumwamba ndi lopanda cipembedzo. Tibvomereza kuti anthu aphana m'dzina la Mulungu, ndipo ndi camanyazi. Komabe mai wamasiye amene waima pa manda a mwamuna wake, mukamcotsera kumwamba mwamsiyira ciani? M'maganizo athu, nyimbo yofewayi ifuna kukambirana kwambiri ndi ana kuposa nyimbo zambiri zaphokoso.

Tsopano tione nyimbo za m'ma 1990, zimene Azungu azicha alternative rock cifukwa zinacokera kwa magulu amene poyamba sanali a makampani akuluakulu kapena a mawailesi ochuka. Zombie ya The Cranberries, ya mu 1994, iri ndi gitala yolemera ndi liu la mkazi losweka ngati la wolira maliro. Mutu wake wokha ungaopse kholo. Dolores O'Riordan, mtsikana wa ku Ireland woleredwa m'banja lacikatolika, anailemba bomba la gulu la IRA litaphulika ku Warrington, ku England, mu Marichi 1993, ndi kupha anyamata awiri, wina wa zaka 3, wina wa zaka 12. Nyimboyi idzudzula anthu amene asenza cidani ca makolo ao osaganiza, monga mitembo yoyenda. Pangano la mtendere wa Northern Ireland linadza pa Lacisanu Loyera mu 1998. Pa nyimbo zonse tachulazi, iyi ndiyo tiiika patsogolo, pakuti mkwiyo wake ndi wa munthu woteteza moyo wa ana.

Gulu la R.E.M. la ku America litiphunzitsa kusathamangira kuweruza. Mutu wa nyimbo yao ya mu 1991, Losing My Religion, umveka ngati wa munthu wotaya cikhulupiriro. Koma kum'mwera kwa United States, kumene gululi linacokera, mau amenewa ndi cining'a cotanthauza kutha kwa cipiriro, ndipo nyimboyo ndi ya munthu wobvutika ndi cikondi cimene alephera kuciulula. Caka cotsatira, mu 1992, anatulutsa Everybody Hurts, imene ilankhula mosabisa kwa wacinyamata wotopa ndi moyo, kumpempha kuti apirire ndi kufuna thandizo kwa anzake. Tikaona mwana wathu ali kuibwereza nyimbo yotereyi usiku, si nthawi yomlanda foni. Ndi nthawi yokhala naye pansi ndi kumfunsa cimene cili kumsautsa.

Smells Like Teen Spirit ya Nirvana, ya mu 1991, ife sitiikonda kwambiri, ngakhale tidziwa mphamvu yake. Iyamba ndi mkokomo, itsika, ndi kuphulikanso, ndipo mau ake abvuta ngakhale eni ake a Cingelezi. Ionetsa bala koma sipereka mankhwala. Woilemba, Kurt Cobain, anaona ukwati wa makolo ake ukutha iye ali ndi zaka 9, anagwidwa mu ukapolo wa mankhwala osokoneza bongo, ndipo anadzipha mu Epulo 1994 ali ndi zaka 27. Sitimweruza, timpereka ku cifundo ca Mulungu. Koma ife makolo tidzifunse: ngati ana mamiliyoni anamva kulira kwao m'kufuula kwa mnyamata uyu, kodi kunyumba kwao kunali amene anali kuwamvera?

Tisanamizane, ziripo nyimbo za rock zotamanda camba, ciwerewere ndi kunyoza zinthu zoyera. Kholo liri ndi udindo wozikana m'nyumba mwake. Koma kukana kumene mwana adzakulemekeza ndi kwa kholo limene lamvera ndi kupereka cifukwa. Ndiponso m'munda womwewo muli zina zodabwitsa: gulu la U2 linatsiriza cimbale cake ca mu 1983, cochedwa War, ndi nyimbo yotengedwa mu Salimo 40, ndipo kwa zaka zambiri anthu zikwizikwi anali kuiimba pamodzi potseka makonsati ao.

Pempho lathu ndi ili. Sabata ino, pemphani mwana wanu kuti akusankhireni nyimbo imodzi imene aikonda. Imvereni yonse kufikira kumapeto. Ngati Cingelezi cake cithamanga, iye akumasulireni. Kenaka funsani pamodzi mafunso atatu: anailemba ndani, cinamcitikira n'ciani, ndipo afuna kuti womvera acite ciani? Inunso ana, lolani makolo anu anene maganizo ao, ndipo muwafunse za nyimbo zimene iwo anabvina. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Nyimbo itha pa mphindi zisanu, koma kukambirana kumene ingayambitse kungatsegule citseko cimene cakhala cotseka caka conse.