Dim Probs: mutu ukuti palibe vuto, koma vuto lili pachala chathu

Mu September 2025, Gruff Rhys, woyimba wa ku Wales amene tsopano wadutsa zaka 55, anatulutsa chimbale chatsopano chotchedwa Dim Probs, ndipo nyimbo zake ndi za m'Chiwelishi. Sanapite nacho kumakampani akuluakulu a ku London. Chinatuluka kudzera ku Rock Action, kampani yaing'ono ya ku Glasgow yomwe eni ake ndi anyamata a gulu loimba la Mogwai. Izi ndiye zomwe azungu amati indie: woyimba amene amadziyendetsera yekha zinthu, kapena amagwira ntchito ndi kampani yaing'ono yomwe simuuza choti aimbe.

Mwina mukuti, nanga ife zikutikhudza pati za mzungu wa gitala wa kutali uko? Dikirani pang'ono. Nkhani ya chimbalechi ikufika mpaka pafoni yomwe mwagwirayo.

Tiyambire pamutu pomwepo. "Dim" m'Chiwelishi ndi mawu okana, ngati kunena kuti palibe. "Probs" ndi Chingerezi cha mumsewu, chidule cha mawu otanthauza mavuto. Kuphatikiza pamodzi ndiye kuti palibe vuto, monga mmene munthu amayankhira mnzake pa WhatsApp. Mkuluyu watenga Chiwelishi chosakanizika, cha pabasi ndi m'mashopu, nkuchiika pachikuto cha chimbale mopanda manyazi. Ife tikuti wachita bwino. Chilankhulo chomwe chimangosungidwa ngati mbale za alendo chimachita fumbi m'kabati.

Ndipo Chiwelishi chili pampanipani ndithu. Kalembera wa 2021 anapeza kuti ku Wales anthu olankhula chilankhulochi ndi pafupifupi 538,000, kutsika kuchoka pa 562,000 mu 2011. Boma la Wales lili ndi cholinga choti pofika 2050 olankhula akwane 1 miliyoni, koma ziwerengero zikulowera kwina. Kale, m'zaka za m'ma 1800, sukulu zina zinkakoleka kathabwa kotchedwa Welsh Not m'khosi mwa mwana amene wamveka akulankhula chinenero cha makolo ake. Ambiri a ife amene tinalangidwapo kusukulu chifukwa cholankhula "venakyula" tikuidziwa bwino nkhanza imeneyi. Ndiye woyimba akasankha kuimba m'Chiwelishi, amakhala akudziwa kuti msika wake woyamba ndi anthu ochepa kuposa a mumzinda wa Lilongwe.

Gruff Rhys si mlendo pamasewera amenewa. Anakulira ku Bethesda, tauni ya migodi ya miyala kumpoto kwa Wales, komwe Chiwelishi ndiye cholankhula cha tsiku ndi tsiku. Anatchuka ndi gulu la Super Furry Animals, lomwe nyimbo zake zambiri zinali za Chingerezi. Mu 2000, kampani yawo ya Creation itatsekedwa, gululi linatulutsa lokha chimbale cha Chiwelishi chokhachokha, Mwng, kudzera ku kampani yawoyawo ya Placid Casual. Chinafika pa nambala 11 pamndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku Britain, mpaka phungu Elfyn Llwyd anachiyamikira ku Nyumba ya Malamulo ku London. Zachidziwikire kuti ambiri ogula chimbalecho sankamva ngakhale liwu limodzi. Anagula chifukwa nyimbo zake zinali zokoma, basi.

Mu 2019 anabweranso ndi Pang!, chimbale china cha Chiwelishi, chomwe anachikonza ndi Muzi, katswiri wa nyimbo wa ku South Africa. Awiriwa anakumana kudzera mu ntchito ya Africa Express, ndipo m'chimbalemo mumamvekanso Chizulu pang'ono. Taganizani: Mwelishi ndi Mzulu kupanga chimbale osapempha chilolezo kwa Chingerezi. Dim Probs ikupitiriza ulendo womwewo, ndipo mwa omuthandiza kuimba muli Cate Le Bon, woyimba winanso wa ku Wales amene dzina lake lafika kutali.

Ena anena kuti, aaa, n'zosavuta kwa iyeyo. Dzina anapanga kale ndi nyimbo za Chingerezi, ndiye atha kuchita zomwe akufuna. Mfundo imeneyi ili ndi mutu, tisakane. Mtsikana wa zaka 19 amene akujambula nyimbo kuchipinda kwake ku Caernarfon alibe mwayi woterowo. Komabe alipo achinyamata amene anayamba ndi Chiwelishi nkuphula kanthu. Gulu la atsikana atatu a ku Carmarthen, Adwaith, linapambana mphoto ya Welsh Music Prize kawiri, mu 2019 ndi mu 2022. Anyamata awiri a gulu la Alffa anaona nyimbo yawo Gwenwyn ikumvedwa kopitirira 1 miliyoni pa Spotify mu 2018, koyamba kuti nyimbo ya Chiwelishi ifike pamenepo. Njira ilipo. Kungoti ndi yopapatiza, ndipo chomwe chikuipanikiza ndi mmene ndalama zimayendera.

Apa ndiye pagona nkhani. Pa Spotify, nyimbo imawerengedwa kuti yamvedwa pokhapokha yadutsa masekondi 30. Kuyambira mu 2024, nyimbo yomwe sinamvedwe ka 1,000 pa miyezi 12 silandira kalikonse pa ndalama zomwe kampaniyo imagawa. Ndalamazo zimaikidwa mumphika umodzi nkugawidwa malinga ndi amene wamvedwa kwambiri. Mwachidule, wamkulu amadya nyama, wamng'ono amanyambita msuzi, ndipo wamng'onong'ono amangomva fungo. Woyimba wa chinenero cha anthu theka la miliyoni amayamba mpikisanowu ali kale kumbuyo.

Oimba a ku Wales anaimenyapo kale nkhondo ya mtundu umenewu. Mu January 2013, mazana a iwo, kudzera m'bungwe lawo la Eos, analetsa wailesi ya BBC Radio Cymru kuulutsa nyimbo zawo chifukwa malipiro anali atatsika kwambiri. Wailesiyo inakakamizika kuchepetsa maola owulutsa nkumadzaza ndi nyimbo zina. Pamenepo panali bwana woti nkukhala naye patebulo. Lero bwana ndi makina amene amaona zomwe chala chanu chachita. Mukadumpha nyimbo isanathe ndi masekondi khumi omwe chifukwa simukumva mawu, makinawo amatha kuona ngati iyi ndi yosafunika, ndipo mawa mwina sangaionetsenso kwa anthu ngati inu.

Tinene zoona, zoti sitimva chilankhulo n'chifukwa chongonamizira. Ndi angati mwa ife amavina amapiano osadziwa Chizulu? Makolo athu anavina rumba ya Chilingala mpaka nsapato kutha, osafunsa tanthauzo. Lero achinyamata dziko lonse akuimba motsatira magulu a ku Korea. Khutu silifuna pasipoti. Chomwe chatichepera ndi kuleza mtima, chifukwa foni yatizoloweza kuweruza chilichonse m'masekondi asanu. Chimbale ngati Dim Probs, cha gitala wofatsa ndi mawu osathamanga, chimafuna munthu wokhala pansi. Walira mvula walira matope: ngati tikufuna nyimbo zosafanana ndi zomwe aliyense akumvera, tivomerenso kuzipatsa nthawi.

Tikudziwa, bandulo ndi yodula, ndipo sitikuuza aliyense kuti agule chimbale cha mapaundi pomwe kunyumba kulibe ufa. Pempho lathu ndi laling'ono. Mukapeza Wi-Fi, sankhani chimbale chimodzi cha woyimba wodziyimira payekha, kaya ndi Gruff Rhys, Adwaith kapena mnyamata wa m'dera lanu amene akuimba Chitumbuka, Chiyao kapena Chilomwe. Chimvereni kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza. Yomwe yakusangalatsani isungeni pamndandanda wanu. Potumizira mnzanu, tumizani linki m'malo mwa fayilo yokopera, kuti naye akamvera ziwerengedwe kwa mwini nyimbo. Amene muli ndi kangachepe, pa Bandcamp gawo lalikulu la ndalama yomwe mwalipira limapita kwa woyimba kapena kampani yake yaing'ono.

Nawo makampani ngati Spotify aganizenso bwino za lamulo la 1,000 lija. Muyeso umodzi sungakwanire Chingerezi cha anthu opitirira biliyoni ndi Chiwelishi cha anthu theka la miliyoni nthawi imodzi.

Gruff Rhys wachita mbali yake: waimba m'chinenero cha kwawo, mmene chimalankhulidwira, nkutiuza kuti palibe vuto. Zoti mawu amenewo akhale oona kwa oimba ang'onoang'ono obwera pambuyo pake zikudalira omvera. Nthawi ina nyimbo yachilendo ikayamba kulira m'mahedifoni mwanu, chigwireni chalacho, idutseko masekondi 30 aja.