Chipani Cholamulidwa ndi Alendo

Atsogoleri a nthambi za chipani, kuyambira pa Mtengowanthenga mpaka kumapiri a Ntchisi, amvetsetse mbiri ya Aksel Larsen wa ku Denmark. Mkuluyu adatsogolera chipani cha Chikomyunizimu m'dziko lake kuyambira 1932, ndipo pankhondo ya Hitler adazunzika m'ndende ya Sachsenhausen. Koma asilikali a Soviet Union atapondereza anthu a ku Hungary mu 1956, iye adayamba kukana zoti chipani chizilandira malamulo kuchokera ku Moscow. Anzake adamuthamangitsa mu 1958, poyesa kuti wathera pomwepo. Adaganiza molakwa. Larsen adakhazikitsa chipani china mu 1959, ndipo pachisankho cha 1960 chidapata mipando 11 m'Nyumba ya Malamulo. Omuthamangitsa aja, amene adasankha kumvera alendo kuposa eni dziko, sadapeze mpando ndi umodzi womwe.